Xiconhoca, Katuni Imene Inaloza Mnansi

Boma la Mchinji limachita malire ndi Zambia kumadzulo, ndipo kum'mwera limakhudzana ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Nkhondo yapachiweniweni itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, abale a tsidya limenelo anadzakhala pakati pathu, mwakuti pofika 1992 dziko la Malawi linali kusunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Kumene anachokerako kunali munthu wina wotchuka kwambiri amene sanabadwe kwa mayi aliyense. Anabadwa kunsonga ya cholembera mu 1976, dzina lake Xiconhoca.

Anamutulutsa ndi nthambi yofalitsa nkhani ya chipani cha Frelimo, patangopita chaka dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975. Dzinalo analumikiza Xico, kuchokera kwa Xico Feio, wapolisi woopedwa wa gulu lachinsinsi la Apwitikizi la PIDE, ndi nhoca, yomwe ndi njoka. Nthawiyo inali ya nkhondo kale. Mu March 1976 Pulezidenti Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia, ndipo asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, ankalowa mu Mozambique kudzapha anthu, monga anachitira ku Nyazonia mu August 1976 ndi ku Chimoio ndi Tembue mu November 1977. Boma linkafuna kuti aliyense amudziwe mdani wa m'kati, amene amatsegulira khomo mdani wakunja.

Tikanena za luso lokhalokha, ntchitoyi inagwiridwa bwino zedi. Anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga pa nthawi ya ufulu, choncho chithunzi chinayenera kudzilankhulira chokha. Xiconhoca ankabwera m'bokosi limodzi, osati nkhani yotsatizana, ndipo pansi pake pankakhala mawu ochepa otchula mlandu wake. Thupi lake linali mlandu kale: mimba yotuluka pamene anzake akuonda, nkhope yosasamalika, botolo losachoka pafupi. Ojambula sankasintha thupilo, ankangosintha ntchito. Lero ali pa desiki mu ofesi akuchedwetsa anthu pamzere, mawa wabisa katundu kuti adzagulitse mokwera mtengo, mkuja akufalitsa mphekesera kapena akudanitsa mitundu. Munthu akamuona kawiri m'magazini ya Tempo kapena pa chikwangwani cha nkhani, kachitatu ankamuzindikira ali chapatali. Kumeneko ndiye kupambana kwa wojambula makatuni: mizere yochepa, koma yosaiwalika. Ife a kuno tikudziwa mphamvu imeneyi, poti amene anakula akuwerenga Malawi News amamukumbukirabe Pewani wa Brian Hara ngati munthu wa m'mudzi mwawo.

Koma luso la katuni silithera pa mzere. Funso lalikulu ndi lakuti cholemberacho chaloza kuti, ndipo wachigwira ndani. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Bill Mauldin, msilikali wa ku America, ankajambula Willie ndi Joe, asilikali wamba awiri otopa, osameta, onyowa ndi matope. General George Patton anakwiya nazo mpaka kumuitanitsa mu 1945, koma General Eisenhower analola kuti apitirize, ndipo chaka chomwecho Mauldin analandira mphoto ya Pulitzer ali ndi zaka 23. Msilikali akaona Willie ankadziona yekha, napepukidwa mtima. Katuni yake inkaima pamodzi ndi wapansi, maso atayang'ana kumwamba kwa akuluakulu.

Xiconhoca anali wosiyana. Palibe amene ankamuona n'kunena kuti uyu ndine. Aliyense ankanena kuti uyu ndi uje. Ndipo popeza wogwira cholembera anali chipani cholamula, mlandu unkangokulirakulira. M'thupi limodzi lomwelo anaikamo kazitape wothandiza adani, chidakwa, mlesi, wamitala, wamalonda ozembetsa, ndi wongodandaula chabe. Apa ndi pamene ndikuona kuti ntchitoyi inalakwa, ndipo inalakwa chifukwa cha luso lake lomwelo. Nkhope ikakhala imodzi, diso limaleka kusiyanitsa. Wobisa matumba a chimanga kuti alemere ndi mayi wogulitsa sopo pang'ono kuti ana adye amasanduka munthu mmodzi. Ife a kumalire tiyenera kuimva nkhaniyi kuposa ena, chifukwa kuyambira kale anthu a kuno amaoloka kukagula, kukagulitsa, kukaona abale ndi kukalira maliro, ndipo si aliyense wonyamula katundu panjinga amene ali mdani wa dziko.

Sindikunena kuti katuni ndiyo inamanga anthu. Misasa ya "kuphunzitsanso" inalipo kale Xiconhoca asanajambulidwe. Koma mu 1983, pamene boma linayambitsa Operação Produção n'kusamutsa anthu zikwizikwi m'mizinda kupita nawo ku Niassa ndi Cabo Delgado powanena kuti ndi osagwira ntchito, maso a anthu anali ataphunzitsidwa kwa zaka zingapo kuona mlesi ndi wopereka dziko ngati chinthu chimodzi. Kuseka kunali kutasalaza njira.

Chilungamo chifuna tinenenso ichi: pa zithunzi zonsezo, zimene zakalamba bwino ndi za Xiconhoca wa mu ofesi. Pamenepo cholembera chinayang'ana kumwamba pang'ono, n'kugwira munthu wokhala ndi chidindo amene amazunza wosauka. Zimenezo mpaka lero zimaluma, kaya ku Tete, ku Chipata kapena kuno kwathu.

Nkhondo yapachiweniweni ija inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, othawa kwawo ambiri anabwerera, koma dzina la Xiconhoca likumvekabe ku Mozambique ngati chitonzo cha munthu wosakhulupirika. Ndi makatuni ochepa mu Africa amene analowa m'kamwa mwa anthu chonchi. Achinyamata athu amene mukujambula pa foni ndi pa kompyuta n'kutumiza pa Facebook, phunzirani kwa iye kachepetsedwe ka mizere ndi kubwereza nkhope mpaka idziwike. Koma nthawi ya chisankho kapena ya njala, wina akakupatsani ndalama kuti mujambule mtundu wina, chipani china kapena mlendo ngati njoka, kanani.