Chetechete Wina Amautsa Nyama: Marshawn Lynch mu Filimu ya David Shields

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tipumeko pa ndakatulo ndi nthano zazifupi, tikambe za filimu. Ndikudziwa kuti ena mukangomva kuti nkhani yake ikukhudza mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira umene osewera ake amavala zipewa zolimba ngati a kabaza wa njinga zamoto, chala chayamba kale kutsetsereka pa foni kufuna nkhani ina. Dikirani kaye. Filimu yake ndi Lynch: A History, inatuluka mu 2019, ndipo anaikonza si munthu wa zamasewera ayi. Ndi David Shields, mlembi wa mabuku amene amaphunzitsa zolembalemba pa University of Washington ku Seattle. Funso limene filimuyi ikudzutsa likutikhudza ife tonse ogwira cholembera: munthu akasankha kutseka pakamwa, wolemba ali ndi ufulu wanji womulankhulira?

Ndiyambe ndi ntchito ya munthuyu, chifukwa popanda iyo zinazo sizimveka. Marshawn Lynch anali running back. M'masewerawa timu imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mpira mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo. Njira zake ndi ziwiri: kuuponya m'mwamba kuti mnzako akauwakhe kutsogolo, kapena kumupatsira munthu mmodzi m'manja kuti athamange nawo n'kudzipanikiza pakati pa zimphona zofuna kumugwetsa. Munthu ameneyo ndiye running back. Ena pa ntchitoyi amazemba ngati kalulu. Lynch kuzemba ankakudziwa, koma chimene ankakonda ndi kuwomba munthu n'kudutsa, n'chifukwa chake ankamutcha Beast Mode. M'zaka zake zonse mu ligi ya NFL anathamanga ndi mpira maulendo oposa 2,400 n'kupeza mayadi 10,413. Gawani nokha: ulendo uliwonse mayadi anayi ndi kachidutswa, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse unkathera pansi, anthu olemera makilogalamu oposa 100 atamusanjikizira. Ambiri ogwira ntchitoyi akamafika zaka 30, matimu amakhala atayamba kale kuyang'ana mnyamata wina wotchipa.

Anabadwira ku Oakland, ku California, mu 1986, analeredwa ndi mayi ake, anasewera pa yunivesite ya ku Berkeley, ndipo mu 2007 timu ya Buffalo Bills inamutenga ali wa nambala 12 pa chisankho cha osewera atsopano. Ku Buffalo anayamba bwino koma anagweranso m'milandu: wina wa galimoto mu 2008, wina wa mfuti mu 2009 umene ligi inamuimitsira masewera atatu. Mu Okutobala 2010 anamupereka ku Seattle Seahawks. Patangotha miyezi itatu, pa 8 Januwale 2011, anachita chimene mpaka lero amakumbukiridwa nacho. Akusewera ndi New Orleans Saints, amene anali akatswiri a chaka chapitacho, anathamanga mayadi 67, anthu asanu ndi anayi akumugwira iye n'kumapulumuka, wina dzina lake Tracy Porter anangomukankha ndi dzanja limodzi n'kukagwera uko. Ochemerera analumpha ndi kupondaponda mpaka makina oyezera zivomezi amene anali pafupi ndi bwalolo anajambula kugwedezeka kwa nthaka. Kuchokera 2011 kufika 2014 chaka chilichonse ankaposa mayadi 1,200, ndipo mu Febuluwale 2014 Seattle inatenga chikho cha Super Bowl itaphwasula Denver 43 kwa 8.

Koma chimene Shields anatsata ndi pakamwa pa Lynch. Malamulo a NFL amakakamiza wosewera kuyankha mafunso a atolankhani, ndipo iye sankafuna. Mu Novembala 2014 anamulipiritsa madola 100,000 chifukwa chozemba. Ndiye anasintha njira: kubwera ankabwera, kukhala pansi ankakhala, koma funso lililonse yankho lake limodzi. Tsiku lina anayankha "eya" pafupifupi pa zonse. Tsiku lina ankangothokoza wofunsayo chifukwa chofunsa. Pa 27 Januwale 2015, masiku asanu Super Bowl ina isanachitike, atolankhani mazanamazana atamuzinga, anabwereza maulendo 29 mawu oti iye wabwera kuti asalipiritsidwe basi. Nthawi imene lamulo limafuna itakwana, ananyamuka.

Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama. Uyu anautsa, ndipo dziko lonse la America linalankhula za munthu amene sanalankhule kanthu. Ena ankati ndi wamwano, ena ankati ndi mbuli yosadziwa kumanga chiganizo, ena ankati ndi wamanyazi chabe.

Tsono onani mmene Shields anaimangira filimu yake. Lynch sanatengeko mbali. Mulibe wofotokoza nkhani kuseri, mulibe Shields atakhala pa mpando kutiuza maganizo ake. Anatola tizidutswa ta kanema pafupifupi 700, ta pa wailesi yakanema, ta pa intaneti, ta m'mafilimu akale, n'kutilumikiza kwa mphindi zoposa 80. Amene munawerengako Reality Hunger, buku lake la mu 2010 lomangidwa ndi tindime toposa 600 tambiri totengedwa kwa anthu ena, mudziwa kuti ndiwo msoko wake. Amasoka chigamba pa chigamba mpaka nsalu itatuluka.

Ndipo pena imatulukadi yokongola, ndisaname. Chimene filimuyi inachita bwino kwambiri ndi kutembenuza kamera. Mukaonera kadutswa kamodzi ka Lynch akukana kuyankha, mumayang'ana iyeyo n'kumati koma mkuluyu bwanji. Mukaonera khumi motsatizana, maso anu amachoka pa iye n'kupita kwa ofunsawo. Mumayamba kumva kuuma kwa mafunso awo, ofanana chaka ndi chaka, ofuna yankho lodziwika kale loti tinalimbikira, tithokoze aphunzitsi, tikuyang'ana masewera akubwerawa. Mumayamba kuona nkhope zawo zikukwiya ngati munthu amene wamanidwa chake. Apa palibe chiganizo cha wolemba chimene chikanaposa kubwerezako. Inu olemba nthano, phunzirani pamenepa: kubwereza chinthu chimodzi kukafika penapake kumasintha amene akuweruzidwa, popanda wolemba kuloza chala.

Chachiwiri chabwino ndi Oakland. Shields amamuika Lynch m'mudzi mwake, mzinda umene Huey Newton ndi Bobby Seale anayambitsiramo gulu la Black Panther mu 1966. Akutiuza kuti kukana kumeneku kuli ndi makolo, kuti munthu wakuda ku America wakhala akuyembekezeredwa kusangalatsa, kumwetulira ndi kuthokoza, ndipo amene wakana amalipira. Umboni ulipo. Mu 2017, atabwerera kudzasewerera Oakland Raiders, Lynch ankakhala pansi nyimbo ya fuko la America ikamaimbidwa, ndipo pa masewera a ku Mexico City anaimirira pa nyimbo ya Mexico yokha, zimene zinachititsa Donald Trump, pulezidenti wa nthawiyo, kumunyoza pa Twitter.

Apa ndi pomwe ine ndi Shields tikusiyana njira. Kulumikiza tizidutswa kuli ndi msampha wake: chilichonse chimene mwaika pafupi ndi chithunzi cha omenyera ufulu chimayamba kuoneka ngati nkhondo ya ufulu. Wolumikizayo amaoneka ngati sanalankhule, koma ndiye walankhula kuposa onse, chifukwa ndiye wasankha chimene chitsogole ndi chimene chitsatire. Mu Black Planet, buku lake la mu 1999 lonena za timu ya basketball ya Seattle ndi wosewera Gary Payton, Shields anadziika yekha poyera: mzungu wotengeka mtima ndi wosewera wakuda, akudzifunsa chimene akufuna kwa iyeyo. Owerenga ankatha kumutsutsa chifukwa ankamuona. M'filimuyi wabisala kuseri kwa lumo. Munthu amene anakana kuti atolankhani amuikire mawu m'kamwa, wapezeka ataikiridwa mawu ndi pakamwa 700, ndipo mwini wake wa msonkhanowo sakuoneka. Kaya mawuwo ndi omuyamikira, kaya ndi anzeru, akadali mawu a wina.

Komanso chete wa Lynch sanali wa mtundu umodzi. Sabata yomwe ija anazunguza atolankhani, anajambulitsa malonda a maswiti a Skittles akuyankha mafunso mosangalala, anakaonekeranso pa pulogalamu ya Conan O'Brien akusewera gemu ya pa kanema ndi Rob Gronkowski, akuseka ngati mwana. Mawu aja oti wabwera kuti asalipiritsidwe anakawalembetsa ngati chizindikiro cha malonda ake, kuwonjezera pa zovala za Beast Mode. Sindikunena izi pomunyoza ayi. Kwa ine zikumukulitsa: anazindikira kuti mawu ake ndi katundu, ndipo anakana kuwapereka ulere kwa ligi imene inali kale kudya thupi lake. Koma munthu wotere ndi wochenjera pa malonda, wanthabwala, wosankha womulankhula, nthawi zina wolakwa ndithu monga milandu ija ikusonyezera. Filimu ikufuna mneneri, ndiye madzi ake onse akuyenda kulowera kumodzi. Munthu weniweniyo ndi wosokonekera kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake ndi wokoma kumulemba.

Kudandaula kwanga kwina ndi thupi. Nkhani ya running back imalembedwa m'maondo, m'nthiti ndi m'mutu. Mu 2015 Lynch anasewera masewera asanu ndi awiri okha mu ligi, anachitidwa opaleshoni ya pamimba, ali ndi zaka 29. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene munthu wotere sakufunira kucheza ndi maikolofoni atangotuluka m'bwalo, ayambire pa kufunsa kuti maulendo 20 kapena 25 ogwetsedwa masana amodzi amamusiya munthu ali bwanji. Shields ndi munthu wa mawu, ndiye ngakhale chete amamuwerenga ngati mawu. Pena munthu amangokhala kuti watopa, eti?

Tsono pali yadi imodzi ija. Pa 1 Febuluwale 2015, Seattle ikutsalira 28 kwa 24 kwa New England Patriots, kutatsala masekondi osakwana 30, mpira unali pa yadi imodzi kuti alowe. Lynch anali atathamanga kale mayadi 102 tsikulo, ndipo ndiye amene anali atangoufikitsa pamenepo. Aliyense m'bwalomo ankadziwa woyenera kupatsidwa. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Pete Carroll, anasankha kuponya. Russell Wilson anaponya, Malcolm Butler wa New England anawakha, chikho chinapita. Kuyambira tsikulo pali anthu amene amakhulupirira kuti akuluakulu sanafune kuti ngwazi ya tsikulo ikhale munthu wosalankhula uja. Umboni wa zimenezo palibe, ndipo odziwa masewerawa ena amati kuponyako kunali ndi zifukwa zake za nthawi yotsala. Wolemba wabwino asiye bala limeneli losapola. Likoma chifukwa palibe angalitseke: munthu amene ntchito yake yonse inali kupeza yadi imodzi yovuta, pa yadi yofunika kuposa zonse anangoima manja ali lende, akuonerera.

Mukandifunsa cholembedwa chabwino koposa chokhudza Lynch, ndikuuzani kuti analemba yekha. Pa 7 Febuluwale 2016, dziko lonse likuonera Super Bowl ya matimu ena, anaika pa Twitter chithunzi cha nsapato zake za mpira zitapachikidwa pa waya, ndi kachizindikiro ka zala ziwiri. Popanda liwu. Aliyense anamva kuti wasiya. Inu a ndakatulo amene mumalemba ndime zisanu ndi zitatu pofuna kunena kuti ndapita, taonani pamenepo. Zoti anadzabwereranso kawiri, ku Oakland mu 2017 ndi ku Seattle mu Disembala 2019, sizichotsa kanthu pa chithunzicho.

Ndipo tsoka la filimuyi ndi loti inafulumira kutuluka. Mu Januwale 2020, Seattle itagonja kwa Green Bay Packers pa masewera ake omaliza, Lynch anaima pamaso pa atolankhani omwe aja n'kulankhula mwa kufuna kwake. Za masewerawo sanatayepo nthawi. Analankhula kwa anyamata ongoyamba kumene mu ligi, kuwauza kuti asamale matupi awo, asamale maganizo awo, asamalenso nkhuku zawo, kutanthauza ndalama, kuti tsiku losiya likadzafika adzachoke ali ndi kanthu. Za Black Panther sanatchule, za nyimbo ya fuko sanatchule. Analankhula ngati mkulu wa pa ntchito yoopsa amene waona anzake akutuluka opunduka ndi opanda kanthu m'thumba. Filimuyo ifuneni muionere, ndi yoyenera mphindi zanu, koma mukamaliza mukasakenso kadutswa ka nkhuku kameneko pa YouTube, muyerekeze Lynch wa Shields ndi Lynch wa tsiku limenelo.