Igone Mfuti ya Mphini, Iyende Njovu ya ku Kasungu

Ilire ng'oma! Ilire mbalule, uyankhe mpanje. Ilire kwa Chulu, imveke kwa Santhe. Ilire kwa Kaomba, avomere a kwa Lukwa. Ilire patsinde pa phiri la Kasungu, phiri lokhala lokha pakati pa chidikha ngati mfumu pabwalo. Imveke m'zigafa momwe fodya wa bale akuuma. Imveke ku Chinkhoma komwe mabelo andanda ngati ng'ombe pa dibi. Imveke kutsidya kwa Bua, iwoloke Dwangwa, ikagogode pa Lifupa. Lero tikutamanda mfuti. Lero tikuzenga mlandu wake. Ilire kodi, kapena igone pakhoma?

Ndiwe, mfuti ya mphini! Ndiwe namwali wa chitsulo, wotemedwa mphini kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Ndiwe mphenzi yogonekedwa m'bokosi la chikopa. Ndiwe mamba wa pakamwa pawiri. Ndiwe bingu lovala golide, moto wovala siliva. Ndiwe mwana wa London, mdzukulu wa Birmingham. Anakubala a Rigby, omwe anakoleza chipala chawo ku Dublin mu 1775. Anakubala a Westley Richards a mu 1812. Anakubala a Purdey a mu 1814. Anakubala a Holland & Holland a mu 1835. Mbumba ya osula, fuko la nyundo, mtundu wosaiwala dzina la gogo wake. Mafumu a kutali anakudikira zaka ngati odikira mvula. Mabelo a mudzi wathunthu sangakulowole.

Tamandani dzanja limene linakuzokota! Dzanja lowerama miyezi pa kachitsulo kosaposa chikhatho. Dzanja lomeretsa maluwa pomwe mvula sigwa. Dzanja lopota masamba ngati mpesa wa nyemba pa phesi la chimanga. Dzanja lokhomera kaulusi ka golide m'kangalande kopyapyala ngati tsitsi. Linagoneka mkango pambali pako, manyenje ake ali yangayanga. Linaimika njati, nyanga zake zili gwa. Linajambula njovu yaing'ono ngati nyemba, makwinya ake onse owerengeka. Mtengo wako wa walnut uli ndi mitsempha yoyenda ngati Bua m'dzinja. Ife a kuno luso la chitsulo sitikulimvera kwa alendo. Ng'anjo za makolo athu zikuimabe m'nkhalango ya Kasungu. Mvukuto tikuudziwa, nyundo tikuidziwa. Ana a osula akaona ntchito ya wosula amawomba m'manja.

Alipo amene akuti ulire. Akuti mfuti yosalira ndi ndodo. Akuti khasu la pakhoma silikolola. Akuti ng'oma anaisemera bwalo, ndipo bwato analisemera madzi. Akuti mmisiri sanakupatse mapaipi awiri kuti akangaude amangemo nyumba. Mawu awo ndi olemera, tawalandira ndi manja awiri. Koma imani kaye, akuluakulu, tifunse mbiri. Tifunse nthaka ya Africa zomwe inamva tsiku lomwe mbumba iyi inalira.

Inalira, nkhalango zinachita zii. Inalira m'manja mwa Theodore Roosevelt mu 1909, atanyamula ya mapaipi awiri ya Holland & Holland, zigwa za kum'mawa kwa Africa zinanjenjemera. Inalira m'manja mwa Karamojo Bell, yemwe anagwetsa njovu zoposa 1,000, zambiri ndi kamfuti ka Rigby. Inalira kuno kwathu pamene Alfred Sharpe anafika mu 1887 akulondola mapazi a njovu, mlenje amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa ku Zomba. Mu 1911 kunabadwa chipolopolo cha .416 Rigby. Mu 1912 kunabadwa cha .375 Holland & Holland. Zipolopolo zoboola chipumi cha phiri! Zipolopolo zogwadiritsa chimphona! Minyanga inakwera zombo, mafupa anatsala akuyera m'madambo. Akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja kwako maluwa, m'mimba mwako maliro.

Ilire ng'oma, itchule mfuti yathu! Gogodela, nkhalamba yodyera kukamwa. Gogodela, wodya wonga ndi zidutswa za chitsulo, wotsindiridwa ndi kamtengo ngati fodya m'kaliwo. Gogodela, wolankhula kamodzi n'kupuma. Gogodela, wa utsi wophimba mwini wake. Naye anali ndi mphini zake: misomali ya mkuwa pa mtengo, mikanda m'khosi, kanyanga ka mankhwala kolendewera. Anali mfuti ya afundi, akatswiri a uzimba, amuna ogona m'thengo. Njovu ikagwa, mnyanga wokhudza nthaka unali wa mfumu, mwini dziko.

Gogo Chalo Mwase! Mkango wa patsinde pa phiri. Thanthwe losasunthika ndi liyambwe. Mwini linga, mwini njira ya minyanga, mwini wonga. Inu amene Livingstone anaponda dziko lanu mu 1863. Inu amene munabweza zishango za Angoni pa Nguluyanawambe, dzina la nkhondoyo n'kutsalira pa malo mpaka lero. Inu amene munakana kugwadira mbendera ya alendo kufikira nkhondo ya kumapeto kwa 1895, mukusankha imfa kusiyana ndi unyolo. Gogodela anali mawu anu, anali mpanda wa anthu anu. Koma ng'oma yoona siibisa misozi. Njira yomwe inabweretsa wonga kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi yomweyo inatsitsira minyanga kunyanja. Njira yomweyo inatenga ana a anthu ali m'magoli, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mfuti inateteza, mfuti inagulitsa. Mfuti inamanga linga, mfuti inapasula midzi.

Tsopano ng'oma isinthe mayimbidwe, pakuti akubwera eni thengo. Pepani, dzukani, vulani zipewa!

Ndinu, Agogo Njovu! Ndinu phiri loyenda ndi miyendo inayi. Ndinu mtambo wa mvula wotsikira pansi. Ndinu nkhokwe yoyenda, mtondo wosinja nthaka popanda phokoso. Makutu anu malichero opeta mphepo. Chitamba chanu mkono wa mfumu, wozula mtengo, wotola kambewu kamodzi. Minyanga yanu miyezi iwiri yotuluka usiku umodzi. Ndinu olambula misewu makina asanabwere. Ndinu okumba zitsime mumchenga m'chilimwe, mbawala ndi nkhanga n'kumwa pambuyo panu. Ndinu odzala nkhalango ndi ndowe zanu. Ndinu osenza pakati miyezi 22. Ndinu oyenda pambuyo pa mayi wamkulu, mbumba yotsata bele ngati ife Achewa. Ndinu oima pa mafupa a mbale wanu n'kukhala chete. Njovu siilemedwa ndi minyanga yake, koma munthu analemedwa nayo mtima.

Kwanu ndi kuno. Kwanu ndi m'mombo, m'madambo a Lingadzi ndi Dwangwa. Kwanu anakupatula mu 1922, anakukweza kukhala paki ya dziko mu 1970, nkhalango yoposa masikweya kilomita 2,300, yachiwiri kwa Nyika yokha. M'zaka za m'ma 1970 munali oposa 1,000, nthaka inkagunda ngati ng'oma. Kenaka mfuti zinalankhula usiku. Zinalankhula chaka ndi chaka. Chipembere chinapita osatsanzika. Pofika 2015 munatsala pafupifupi 50 okha, mitu yowerengeka ngati ana a sukulu m'kalasi imodzi. Phiri linatsala pang'ono kusanduka chulu.

Koma munabwerera! Munabwerera mu 2022, njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Munabwerera pa malole, zimphona zogonekedwa tulo m'mbali mwa Shire n'kudzadzukira kumpoto kwa Bua. Munabwerera ndi manja a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, a African Parks ndi a IFAW. Munabwerera, madzi a pa Lifupa anaonanso nkhope zanu. Munabwerera, tiana tikuyenda pansi pa mimba za amayi awo. Ndani tsono angaloze chitsulo pa chipumi chotere? Ndani angatenge njovu ya golide kuti ikaphe njovu ya mpweya? Njovu ya pachitsulo sibala. Njovu ya pachitsulo sikumba chitsime. Mmisiri wa ku London angazokote zikwi, koma yamoyo imodzi sangaiumbe.

Ng'oma itsike, ilire mwa chisoni, pakuti ulemerero uwu uli ndi oulipira. Tamandani mlimi wa m'malire a gemu! Tamandani wogona m'chilindo, wochezera kuwomba zitini, wokoleza moto usiku wonse. Tamandani mayi wodzuka m'mawa n'kupeza munda wa chaka chonse utasanduka bwalo. Tamandani bambo wothirira nazale ndi khasu paphewa, maso ali kuthengo. Tamandani midzi imene yaika maliro a opondedwa ndi njovu, kuno ndi kutsidya kwa malire ku Zambia. Misozi yawo ndi mtsinje, dandaulo lawo ndi phiri. Amene akonda njovu akonde iwo poyamba. Amene atamanda minyanga amange mpanda, aukonze ukagwa, athamange akaitanidwa, apukute misozi ya ofedwa ndi manja osatuluka m'thumba opanda kanthu. Mfuti ya golide sinalonderepo munda wa mphawi. Sinayankhepo mfuu ya pakati pa usiku.

Ilipo mfuti imene imayankha. Nayo ilandire ng'oma yake!

Ndiwe, mfuti ya msilikali wa gemu! Ndiwe wosavala golide, wosadzola siliva. Ndiwe wotemedwa mphini ndi minga, wozokotedwa ndi miyala, wopakidwa mafuta a thukuta. Ndiwe wogona pa mame, wodzuka ndi nthanda. Ndiwe galu wa pakhomo pa nkhalango. Ndiwe mbusa wa zimphona, mlonda wa nkhokwe. Ulira m'mwamba, njovu ibwerera kwawo. Uima panjira, wozembetsa minyanga ataya katundu. Pambuyo pako pali lamulo lokhwimitsidwa mu 2017, lotha kutsekera wopha nyama zotetezedwa zaka zofika 30. Pambali pako pali anzako a ku Lukusuzi ku Zambia, pakuti njovu sidziwa chiphaso cha pa malire. Tamandani anyamata ndi atsikana okunyamula! Oonjola misampha ya waya, oponda m'mapazi a njati, osiya ana kunyumba kukalera ana a thengo. Anakwata kwa mphenzi, saopa kung'anima. Iwe ndiwe mfuti ya ntchito. Iwe lira pamene kulira kuli kopulumutsa.

Tsono bwera pabwalo, mfuti ya mphini, umve chigamulo.

Gona! Gona ngati nthungo ya ufumu, yosalasa gwape koma yogwadiridwa ndi mudzi wonse. Gona ngati litchowa la mfumu, lolamula popanda magazi. Gona ngati chikopa cha kambuku pa mpando. Gona ngati mkango wokhuta pa thanthwe, ulemu wake uli m'maso. Gona ngati ng'anjo za makolo, zozima moto koma zosazima mbiri. Mbale wako wagona kale: Rigby ya Jim Corbett, mphatso imene anapatsidwa atapha nyalugwe wamizere wodya anthu wa ku Champawat mu 1907, inabwerera kwa eni chipala ku London mu 2015, ndipo anthu amafika kudzangoiona. Sinachepe chifukwa chogona. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma yosungidwa m'nyumba ya mfumu imaona zidzukulu.

Gona poonekera, usagone m'mdima. Gona kuseri kwa galasi, kuwala kukugwere pa maluwa ako. Gona pomwe ana a sukulu angafike, a ku Chayamba, a ku Mtunthama, a kwa Wimbe. Aone zomwe dzanja la munthu lingachite ndi chitsulo. Aone, mitima iwatenthe, akakhale amisiri. Suja mnyamata wa kwa Wimbe, William Kamkwamba, anatola zitsulo zotayidwa n'kukolola magetsi mumphepo? Dziko lobala manja otere likusowa zoti maso aone. Pambali pako agone gogodela, mkulu wako wa utsi. Agone ndi mikanda yake, afotokoze za linga, za Nguluyanawambe, za magoli a ku Nkhotakota. Awiri inu mukhale aphunzitsi. Mukhale mboni. Mukhale chikumbutso cha masiku amene nkhalango inatsala pang'ono kutha mawu.

Imvani, eni maesiteti a m'chidikha cha fodya! Imvani, inu osunga mfuti ya agogo m'kabati! Imvani, inu obisa gogodela kudenga! Imvani, mafumu, eni mbumba, eni nthaka! Ya mphini ipukuteni, ilembetseni kupolisi monga mwa lamulo, ipachikeni, kapena iperekeni kosungira zakale monga ku Chichiri, mtundu wonse uione. Ya kudenga itsitseni, ipite kwa amfumu, ifike kwa a gemu. Chuma chimene mukadagulira zipolopolo chigule waya wa mpanda, chigule nsapato za mlonda, chithandize wamasiye wa m'malire.

Ilire ng'oma komaliza! Ilirire mmisiri ndi dzanja lake. Ilirire Mwase ndi linga lake. Ilirire mlimi ndi munda wake. Ilirire mlonda ndi thukuta lake. Ilirire Agogo Njovu, phiri loyenda, mtambo wa pansi, mwini Lifupa. Mlandu watha, bwalo lagamula. Mfuti ya mphini ikhale pakhoma, mfuti ya mlonda ikhale paphewa, ndipo njovu ya ku Kasungu ife ndi ukalamba, minyanga yake ili kukamwa.