Cenjezo pa Cikuto ca Buku: Kodi Tikucenjeza Yani?

Nkhani ino ikuunika njira zimene osindikiza mabuku amatsata akakumana ndi nkhani zimene owerenga ena sangafune kuzimva, ndiponso ngati njirazo zingathandize mphunzitsi wa Cinyanja ku Vubwi, Sinda kapena Katete.

Njira zodziwika zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kudula. M'caka ca 2023 a Puffin ku Britain anasintha mau ambiri m'mabuku a ana olembedwa ndi Roald Dahl. Anthu atadandaula, eni kampaniyo analengeza kuti adzatulutsanso mabukuwo monga mlembi anawasiyira. Yaciwiri ndi kusiya nkhani momwe iliri, koma kuika mau ocenjeza kumayambiriro. Kawirikawiri mauwo amachula nkhanza, tsankho kapena zolaula, ndipo muyeso wake umakhala msinkhu kapena kufewa mtima kwa wowerenga.

Pakati pa Acewa muyeso umenewu ndi woperewera. Malire a zimene munthu ayenera kumva amaikidwa ndi mwambo. Mnyamata wa zaka 14 amene analowa kudambwe amadziwa zimene bambo wa zaka 40 wosameta saloledwa kumva, ndipo malangizo a namkungwi m'tsimba si a amuna. Conco mphunzitsi wa m'dera la Mfumu Pembamoyo ku Vubwi akatsegula buku lofotokoza miyambo, monga Maliro ndi Miyambo ya Acewa la A. J. Makumbi (1955) kapena Kukula ndi Mwambo la J. W. Gwengwe (1965), amakhala ndi ometa ndi osameta pa benci imodzi. Mau akuti buku ndi la akuluakulu sangamuuze tsamba limene lingamuyambanitse ndi makolo.

Kudula nakonso sikungathetse vutoli. Kucokera pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'caka ca 2005, zolembedwa zokhudza mwambowu zakhala zofunika kwa ofufuza a m'maiko ambiri. Buku lodulidwa mwakacetecete limanamiza wofufuza, pakuti iye sadziwa kuti pali cimene cinacotsedwa.

Yankho lili m'ciyankhulo momwemo. Wamkulu akafuna kuchula mau olemera pagulu amayamba wapepesa, kuti wofuna kucoka acoke. Ndiponso pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mwezi wa Ogasiti, gule amavinidwa poyera pamaso pa Kalonga Gawa Undi, koma za kudambwe zimatsalira kudambwe.

Motero tikupempha osindikiza zinthu zitatu. Cenjezo lichule mutu ndi masamba popanda kuulula cinsinsico. Lilembedwe m'Cinyanja, eni mwambo atafunsidwa kale. Ngati pali ndime yosiyidwa dala, mkonzi anene poyera m'mau oyamba. Akatero, mphunzitsi adzasankha masamba owerenga m'kalasi akudziwa cimene akucita, ndipo wofufuza adzapeza buku lokhulupirika.