Ndime imodzi yonyamula filimu yonse

Filimu za makampani akuluakulu a ku Hollywood zimadzitsatsa zokha ndi nkhope za akatswiri. Filimu yaing'ono, yopangidwa ndi anthu odziimira paokha, imadalira ndime imodzi yachidule, ija imalembedwa m'kabuku ka chikondwerero cha mafilimu kapena kunsi kwa chithunzi pa Netflix. Ndimeyo ikalembedwa mwaulesi, filimu imafa anthu asanaione n'komwe.

Povuta m'pakuti zambiri mwa filimuzi zilibe zochitika zochuluka. Mu Before Sunrise, filimu yachikondi imene Richard Linklater anatulutsa mu 1995, mnyamata wa ku America, Jesse, akumana ndi mtsikana wa ku France, Céline, m'sitima yapamtunda. Atsika ku Vienna, nayendayenda usiku wonse akucheza. Wolemba akangondandalika zimenezo wanena zoona, komabe filimuyo wailakwira, pakuti zikumveka ngati mulibe choonera. Mtima wa nkhaniyi uli pa m'mawa: kukangocha Jesse akwera ndege kubwerera kwawo, ndipo alibe ndalama yolipira chipinda chogona. Wowerenga akamva za ndegeyo, kucheza konse kuja kumasanduka mpikisano ndi nthawi.

Zanthabwala zili ndi msampha wina. Kulemba kuti filimu ndi yoseketsa zedi sikuseketsa munthu. Little Miss Sunshine ya 2006, ya Jonathan Dayton ndi Valerie Faris, imafotokozeka bwino pongotchula amene akwera mu kombi yachikasu ya Volkswagen kuchoka ku Albuquerque kupita ku California: bambo wophunzitsa anthu njira zopambanira pomwe iye zake sizikuyenda, mnyamata amene walumbira kuti salankhula mpaka adzakhale woyendetsa ndege, malume wongotuluka kumene m'chipatala, agogo olusa pakamwa, ndi Olive wa zaka 7 amene akukapikisana pa chiphadzuwa cha ana. Kombiyo ndi yochita kukankha kuti ilire, aliyense n'kumadumphiramo ikuyenda. Zimene zigwera agogo panjira, wolemba wanzeru sazikhudza.

Udindo umalemera kwambiri pa filimu za zochitika zenizeni, chifukwa anthu ake ndi enieni. Searching for Sugar Man, imene Malik Bendjelloul wa ku Sweden anatulutsa mu 2012 n'kupata Oscar chaka chotsatira, imasimba za Sixto Rodriguez, woimba wa ku Detroit amene zimbale zake za 1970 ndi 1971 sizinayende malonda kwawo. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, nyimbo zomwezo zinafala kwambiri, mphekesera n'kumati mwiniwake anadzipha pamaso pa anthu akuimba. Amuna awiri a kumeneko, Stephen Segerman ndi Craig Bartholomew Strydom, anayamba kufufuza za imfayo. Bendjelloul anamanga theka loyamba la filimu pa funso limenelo, moti chidule chothamangira kunena zimene anapeza chimam'bera woonera chinthu chimene wopanga anachisunga mosamala. Poyenera kulekezera m'pomwe kufufuza kwayamba.

Palinso chinthu china chosautsa. Zidule zambiri zimangobwereza kuti Rodriguez sankadziwika kwina kulikonse kupatula ku South Africa. Si zoona: anakaimba ku Australia mu 1979 ndi 1981, zimene filimuyo inazilumpha. Wopanga filimu ali ndi ufulu wosankha zoonetsa, koma wolemba chidule akatenga kusankhako n'kukulemba ngati mbiri, wafalitsa bodza limene filimu yeniyeniyo inangolizungulira.

Nthenda yosiyana ndi imeneyi imagwira William and the Windmill, ya Ben Nabors, imene inapambana mphoto yaikulu pa chikondwerero cha SXSW ku Texas mu 2013. Dzanja la wolemba limathamangira nkhani yodziwika kale: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, wosiya sukulu chifukwa cha fizi, apanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Zonsezo n'zoona, koma zinachitika kamera isanafike. Chimene Nabors anajambula kwa zaka zingapo ndi moyo wa pambuyo pa msonkhano wa TED wa ku Arusha mu 2007: mnyamata wakumudzi m'kalasi ku South Africa akulimbana ndi maphunziro amene anam'pita, buku lolembedwa za iye, Tom Rielly wa ku America akum'tsogolera pafupifupi pa chilichonse, ndi abale kumudzi akuyang'ana kwa iye. Ndi filimu yodekha, yofunsa kuti kutchuka ndi chithandizo zimamulemera bwanji munthu. Amene wakopeka ndi chidule cha makina amphepo amakhala pansi akudikira nkhani ija Chiwetel Ejiofor anadzaipanga filimu ya sewero mu 2019, ndipo filimu ya Nabors amaiweruza pa mlandu umene si wake.