Sikelo Yoyezera Nzeru

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umandibwerera ndikamasinkhasinkha mkangano omwe wagwedeza mayunivesite otchuka a ku America pankhani ya mayeso olowera. Funso lake n'lakale: malo akachepa, ofuna kulowa n'kuchuluka, tisankhe bwanji? Ku Harvard, mwachitsanzo, m'chaka cha 2024 adasankha ophunzira osakwana 4 mwa 100 aliwonse omwe adafunsira malo.

Kwa zaka zambiri, mwana wofuna malo otere ankalemba mayeso a SAT, omwe malikisi ake apamwamba ndi 1600, kapena a ACT, omwe amalekera pa 36. Otsutsa mayesowa ankati sayeza nzeru koma thumba la makolo, poti mwana wa olemera amalipiridwa mphunzitsi wapadera ndipo amatha kubwereza mayesowo kangapo. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, malo olembera mayeso adatsekedwa, ndipo mayunivesite ambiri adalengeza kuti wofuna kutumiza malikisi atumize, wosafuna asiye. University of California idafika posiyiratu kuwayang'ana.

Ganizoli lidaoneka lachifundo kwa amphawi. Koma tiyeni tiung'ambe mkuyuwu tione zam'kati. Malikisi akachotsedwa, chotsala n'chiyani? Patsala magiredi a kusekondale, nkhani yomwe wophunzira amalemba yofotokoza za moyo wake, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, masewero ndi ntchito zina za kunja kwa kalasi. Magiredi ndi ofunika ndithu, chifukwa amaonetsa khama la zaka zinayi, osati la m'mawa umodzi. Vuto n'lakuti sukulu iliyonse ili ndi muyeso wakewake, ndipo pafupifupi onse ofunsira malo ku Harvard amakhala atakhoza bwino kwambiri. Nanga nkhani yolembedwa bwino ija, ndani amathandizidwa kuikonza? Ndi mwana uti amene aphunzitsi ake ali ndi mpata womulembera kalata yaitali yomuyamikira?

Kafukufuku wa Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman wa mu 2023 adayankha mafunsowa. Adapeza kuti ana ochokera m'mabanja olemera kwambiri anali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'mayunivesite apamwambawa poyerekeza ndi ana a mabanja opeza pakatikati omwe anali ndi malikisi ofanana nawo. Zifukwa zikuluzikulu zinali zitatu: kukondera ana a anthu omwe adaphunzira pomwepo, kukondera akatswiri a masewero, ndi kulemekeza zinthu zosakhudza maphunziro. Apa zikuonekeratu kuti khomo lomwe olemera amalowera mosavuta si la mayeso.

N'chifukwa chake MIT idabwezeretsa mayeso mu 2022, ndipo Dartmouth, Brown ndi Harvard adatsatira mu 2024. Aphunzitsi a ku Dartmouth adapeza chinthu chomvetsa chisoni: ana ena osauka ankabisa malikisi awo poganiza kuti ndi ochepa, pomwe malikisi omwewo akadawathandiza kusankhidwa. Mwana wopeza 1400 pasukulu yomwe anzake ambiri safika n'komwe pafupi ndi pamenepo waonetsa luso lalikulu. Ndondomeko yomwe idabwera kudzamuteteza ndi yomwe idamutsekera pakamwa.

Komabe tisafulumire kuombera mayeso m'manja. Mlandu wa mu 2019 wa Rick Singer udavumbula kuti makolo ena olemera ankapereka ziphuphu kuti malikisi a ana awo akonzedwe, ena n'kumanamizira kuti ana awo ndi akatswiri a masewero. Ndalama zimapeza njira pakhomo lililonse. Komanso kusiyana kwa malikisi pakati pa olemera ndi osauka n'koona. Kungoti kusiyanako sikubadwira m'chipinda cholembera mayeso. Kumayamba mwana ali wamng'ono, pamene wina ali ndi mabuku pakhomo, mnzake alibe. Sikelo ikasonyeza kuti mwana ndi wonyentchera, kuiphwanya sikumunenepetsa.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Ife timawerenga mapointi a MSCE pa maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo wopeza mapointi 6 dzina lake limamveka dziko lonse. Tidalimbananso kwa zaka zambiri ndi ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera boma lomwe munthu akuchokera, mpaka idathetsedwa mu 2020. Koma funso lenileni lidakalipo. Mtsikana wa pasekondale yoyendera ya kumudzi, yopanda labotale, wowerengera koloboyi atatha kutunga madzi, akapeza mapointi 18, kodi ndi wochepa nzeru kuposa mnzake wa pasukulu yogonera komweko amene wapeza 12?

Maganizo anga ndi awa: malikisi asatayidwe, komanso asapembedzedwe. Nambala ili ndi ubwino umodzi waukulu, woti mwana wopanda wachibale pamwamba angathe kuiloza n'kunena kuti, "Ine ndidakhoza." Koma wosankha ophunzira aziwerenga nambalayo pamodzi ndi sukulu yomwe mwanayo wachokera ndi katundu yemwe wasenza. Pofuna kudziwa mphamvu za woyenda, sitiyang'ana pomwe wafika pokha. Timafunsanso komwe adanyamukira.