Mtima ndi Mneni: Ndemanga pa Zolemba za Chikondi m'Chichewa

M'zaka zapitazi zolemba za chikondi zachuluka m'Chichewa: ndakatulo zolakatulidwa pa wailesi, nthano zazifupi za m'nyuzipepala, ndiponso timabuku tolangiza achinyamata za ubwenzi, za banja ndi za kukhwima m'maganizo. Alembi ake ambiri amati akulemba "kuchokera pansi pa mtima," ndipo sitikukayika kuti akunena zoona. Chimene tifuna kufunsa m'nkhani ino ndi ichi: kodi Chichewa chimazisunga pati zakukhosi za munthu wokonda mnzake? Ife tiona kuti chimazisunga makamaka m'mneni ndi m'mlowam'malo, ndipo mlembi amene watsamira pa dzina lakuti "mtima" wasiya nkhokwe yodzaza pakhomo nakakunkha m'munda mwa eni.

Liwu lakuti mtima ndi lakale ndithu. Tsinde lake, lomwe likupezeka m'mabuku a Malcolm Guthrie a Comparative Bantu (1967-1971), ndi lomwe latipatsa umutima m'Chibemba, omutima m'Chiganda ndi motema m'Chilingala. Anzathu a Chiswahili ndi Chishona amagwiritsa ntchito moyo kapena mwoyo pa chiwalo chomwechi, pamene kwa ife moyo ndi chinthu china. Koma tikasonkhanitsa zining'a za Chichewa zomangidwa pa mtima tipeza izi: kupsa mtima, kuugwira mtima, kulimba mtima, kutaya mtima, kukhazika mtima pansi, kuuma mtima, kukoma mtima, mtima wapachala, mtima uli m'mwamba. Pafupifupi zonsezi zikunena za ukali, mantha, kupirira ndi khalidwe. Mtima wa Mchewa ndi chinthu chofunika kuchigwira kuti chingathawe. Ngakhale mutu wa buku la Jolly Max Ntaba, Mtima Sukhuta, ukunena za mtima wa chilakolako, wosadziwa kukwanitsidwa.

Tsono ndakatulo ikadzaza ndi mtima woperekedwa ngati mphatso, mtima wobedwa, kapena mtima wokhala ndi loko ndi kiyi, khutu limamva Chingerezi chitavala nsalu ya Chichewa. Sitikufuna pano kudzutsa mkangano wa masiku a bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, pa za mawu obwereka. Chiyankhulo chilichonse chimabwereka, ndipo mawu akuti kusweka mtima lero ndi athuathu. Dandaulo lathu ndi lakuti mtima wobwerekawu umanena za munthu mmodzi yekha, wolembayo, ndipo wokondedwayo amangokhala dzina loitanidwa kumayambiriro a ndime iliyonse.

Mneni wa Chichewa sachita choncho. Mphatikiram'tsogolo -an- wa msintho wochitirana, amene Sam Mchombo anamufotokoza mwakuya m'buku lake la The Syntax of Chichewa (2004), amachotsa pamtherankhani nasandutsa anthu awiri kukhala eni nkhani pamodzi. Mbiri yonse ya banja ingathe kukambidwa ndi msintho umenewu wokha: anaonana, anadziwana, anagwirizana, anakwatirana, anazolowerana, anayambana, anakhululukirana kapena anasiyana. Palibe mwa aneniwa amene amalola mmodzi kuima payekha. Ndipo -an- akatsatana ndi msintho wochitira, monga m'mawu akuti kupirirana, kumverana, kusungirana ndi kulilirana, timapeza matanthauzo amene Chingerezi chimafuna mawu anayi kapena asanu kuti chiwafikire. Dzina lakuti chikondano, lomwe achinyamata akulisiya chifukwa cha chikondi, linamangidwa pa msintho womwewu, ndipo maina awiriwa sanena chinthu chimodzi: chikondi chingathe kukhala cha mbali imodzi, chikondano ayi.

Muzu wa -kond- uli ndi misampha yakenso. Kukondera sikutanthauza kukonda chifukwa cha wina, koma tsankho. Kukondwa, komwe m'maonekedwe kukunga msintho wochitidwa, ndi chimwemwe, ndipo wochitidwa weniweni ndi kukondedwa. Mlakatuli wa khutu labwino angathe kumanga ndime yathunthu pa kusiyana kwa kukondwa ndi kukondedwa.

Mutu wa ndakatulo yotchuka ya Benedicto Wokomaatani Malunga, Ndidzakutengera ku Nyanja Ligineti, ukutithandiza pano. Mulibe mtima, mulibe chikondi. Muli mneni mmodzi wonyamula wolankhula, nthawi yam'tsogolo, wokondedwa ndi msintho wochitira, kenaka malo ndi dzina la munthu. Chikondicho chabisala m'lonjezo la ulendo, ndipo womvera amachizindikira popanda kuuzidwa.

Pa ukwati chiyankhulo chimatenga mbali. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Chimodzimodzi m'Chiswahili -oa ndi -olewa, m'Chibemba -upa ndi -upwa, m'Chishona -roora ndi -roorwa. Chodabwitsa nchakuti zili chomwechi ngakhale pakati pa Achewa, kumene pa mwambo wa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwawo kwa mkazi. Mlembi wamkazi amene asankha kunena kuti "tinakwatirana" m'malo mwa "ndinakwatiwa" wanena kale maganizo ake pa banjalo, angakhale sanatchule liwu lakuti ufulu.

Chachiwiri chimene alembi athu akuchinyalanyaza ndi kusiyana kwa iwe ndi inu. Ndakatulo zambiri za chikondi zimayamba ndi iwe nkutha ndi iwe, ngati kuti ubwenzi sukula. Koma m'mabanja ambiri, anthu amene ankatchulana maina ndi kunenana kuti iwe pa chibwenzi, ankhoswe akamanga ukwati amayamba kunenana kuti inu. Mwana akabadwa maina aja amalowa pansi, pamabwera "bambo a uje" ndi "mayi a uje," kapena mfunda: Nabanda, Naphiri, Nangozo. Mlendo angayese kuti chikondi chazirala, pamene mwini chiyankhulo akumva kuti chazika mizu. Ndipo tsiku limene mkazi amene wakhala akunena kuti inu kwa zaka makumi awiri atembenuka nkunena kuti iwe, ana omwe amadziwa kuti m'nyumba mwalowa njoka. Taonani ziganizo ziwiri izi, zomwe tazipeka ngati chitsanzo: "Mwabwera?" ndi "Wabwera?" Kusiyana kwake ndi lembo limodzi, koma m'kamwa mwa mkazi wolandira mwamuna wake pakati pa usiku, chachiwiricho ndi mlandu wofika kwa ankhoswe. Wolemba nthano amene adziwa ichi safunikanso kutiuza kuti mtima wa mayiyo unasweka.

Vuto likukula tikafika pa timabuku tolangiza za kukula kwa munthu payekha, tomwe maganizo ake ambiri achokera m'mabuku a Chingerezi. Kumeneko munthu amalangizidwa kuti adzikonde yekha ndi kudzikuza yekha. Koma mphatikiri -dzi- wa Chichewa sagwirizana nazo. Kudzikonda ndi umbombo. Kudzikuza, komwe kukanayenera kutanthauza kudzikulitsa m'nzeru, ndi kunyada. Chimodzimodzi kudzimva, kudzitama ndi kudzikweza. Amene amayamikiridwa ndi aneni obweza munthu m'mbuyo: kudziletsa, kudzichepetsa, kudzisunga, kudzigwira. Kudzidalira ndi kudzilemekeza ndiwo ena mwa ochepa amene amalola munthu kudziimika popanda chitonzo. Mlangizi wolemba kuti "yamba wadzikonda" ali ndi cholinga chabwino, makamaka kwa mtsikana amene akuzunzidwa m'banja, koma agogo ake a mtsikanayo akamva mawuwo adzati mwana akuphunzitsidwa mwano, ndipo uphungu wofunikawo udzafera pakhomo.

Alembi oyamba anaidutsa njira imeneyi mwa mtundu wina. Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, lomwe T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa mu 1934, likutsata munthu kuyambira kubadwa, kupulupudza kwake, ulendo wake wokagwira ntchito kunja, mpaka kukhala mfumu ndi kutembenuka mtima. Kukula kwa Nthondo timakuona m'zochita zake ndi m'mene anthu akumuonera. Kukula ndi Mwambo, la John Gwengwe (1965), mutu wake womwe ukunena kuti munthu sakula yekha. Mabukuwa ali ndi malire ake: liwu la mlangizi, wa mishoni kapena wa mudzi, limamveka kwambiri kuposa la wolangizidwa. Apa alembi a lero apambana, pakuti atipatsa "ine" wolankhula poyera, ndipo kawirikawiri "ine" ameneyu ndi mkazi.

Komatu "ine" wamkaziyu sanayambe ndi makina osindikizira. Nyimbo za pamtondo zakhala zikunena za mitala, za apongozi, ndi za amuna amene anapita ku Joni kapena ku Harare nakhala matchona. Woimba amanena za iye mwini, koma amapinda mawu kuti mwamuna wodutsa amve popanda kupeza pogwira, ndipo mnzake wa munsi wachiwiri amavomereza. Chisoni cha mmodzi chimatuluka m'kamwa mwa awiri, ndipo akamaliza kusinja palibe amene angatengeredwe ku bwalo chifukwa cha nyimboyo.