Mpali: nkhani zakale zimene zabisala pafamu ya Nguzu

Sewero la Mpali linayamba kuonetsedwa pa Zambezi Magic mu 2018, ndipo mwini wake ndi Frank Sibbuku. Nkhani yake mukuidziwa: Nguzu, mlimi wolemera, ali ndi akazi ambiri pafamu imodzi, ndipo mtendere sukhalitsa pakhomopo. Ambiri amati seweroli ndi ndewu za akazi cabe. Ine ndimaphunzitsa mabuku kusekondale kuno ku Lundazi, ndipo ndikuona kuti Mpali anamangidwa ndi njerwa za nkhani zakale. Amene amazidziwa nkhanizo amaonera seweroli ndi maso awiri, ndipo angathe kuliweruza bwino.

Tiyambe ndi maina. Liwu lakuti mpali ndi la Cibemba, ife timati mitala. Nguzu m'Citonga ndi mphamvu, pamene Junza, dzina la mkazi wamkulu, limatanthauza mawa. Umu ndi mmene nthano zathu zimacitira: ukangomva kuti Kalulu kapena Fisi, wadziwa kale khalidwe lake. Koma olemba Mpali anawonjezera kanthabwala kowawa. Munthu wochedwa Mphamvu amalamulira minda ndi anchito, koma nyumba yake yomwe imamukanika. Ndipo tsogolo la banja, mawa lakelo, lili m'manja mwa mkazi amene anayamba naye zonse asanabwere enawo. Apa ndikuwapatsa ulemu olembawo.

Njerwa yaciwiri ndi Baibulo. Kuno ku Lundazi, kumene mpingo wa CCAP uli ndi mizu yakuya, mwana aliyense wa Sande sukulu amadziwa za Leya ndi Rakele pa Genesis 29 ndi 30: akazi awiri a Yakobo olimbirana cikondi ndi ana, mpaka kugulitsana usiku wogona ndi mwamuna. Amadziwanso za Hana ndi Penina pa 1 Samueli 1, mmene wobereka ankanyozera mnzake wosabereka. Mafunso a pafamu ya Nguzu ndi omwewo: wokondedwa ndani, mwana wa yani adzalowa cuma, bambo agona kuti lero? N'cifukwa cake agogo amene sadziwa Cingelezi amatha kutsatira seweroli popanda womasulira.

Amene anawerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la 1958, aonanso cithunzi ca Okonkwo mwa Nguzu. Okonkwo naye anali mlimi wodzidalira, wa akazi atatu, amene ulemu wake unkayezedwa ndi nkhokwe za zilazi. Onse awiri amaopa cinthu cimodzi, kuoneka ofooka pamaso pa anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti Achebe anafikitsa munthu wake pamapeto: kuuma mtima kwa Okonkwo kunamufikitsa podzimangirira. Wowerenga amatseka buku akudziwa mtengo wa khalidwe lotere.

Apa ndi pamene ndimayambira kukangana ndi Mpali. Sewero la pa TV silifuna mapeto, cifukwa likatha ndiye kuti oonera apita kwina. Motero colakwa ciliconse cimabala cina, ndipo ciweruzo cimangokankhidwira ku sabata yamawa. Makolo athu ankamvera Julius Chongo pa wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Nayenso ankakonda nkhani za nsanje, dyera ndi cinyengo, koma nkhani yake inkafika pothera, womvera n'kutsala ndi coti aganizire. Mpali anatenga msuzi wa nthano, nyama ya mapeto n'kuisiya mumphika.

Cinanso cimene seweroli linasiya ndi mtima wa mkazi. Azimayi olemba mabuku mu Afirika anaitembenuza kalekale nkhani ya mitala. Mu So Long a Letter, buku la Mariama Bâ wa ku Senegal limene linatuluka mu 1979, Ramatoulaye amalembera kalata mnzake Aissatou kufotokoza mmene anamvera mwamuna wake Modou atakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo. Mulibe kukokana tsitsi, koma ululu wake umakulowa m'mafupa. Mu Niketche, buku la Paulina Chiziane wa ku Mozambique la 2002, Rami amafunafuna akazi ena a mwamuna wake Tony, ndipo m'malo momenyana nawo mpaka kalekale, amawasonkhanitsa kuti aliyense aime payekha ndi kabizinesi kake. Mabuku awiriwa amafunsa kuti: kodi mkazi amataya ciyani, nanga angadzipulumutse bwanji? Kamera ya Mpali kawirikawiri imakonda kukalipirana ndi ziwembu, cifukwa ndi zimene zimayenda msanga pa Facebook m'mawa mwake.

Wina anganene kuti ndi sewero cabe, tisalisenzetse katundu wa buku. Ndikumva, ndipo kuseka si cimo. Koma kuno kwathu mitala si nthano. Ili m'midzi ya Atumbuka, Angoni ndi Acewa, ndipo m'kalasi mwanga muli ana ocokera m'mabanja otere. Mtsikana wa zaka 16 akaona mkazi wamng'ono atavala bwino, akuyenda pa galimoto, koma osaona usiku umene mkaziyo amagona yekha akuwerenga ndalama za fizi ya mwana, waphunzira theka la phunziro. Theka limene lasowalo ndi limene likanamuteteza.

Sindikuti lekani kuonera Mpali. Ndi sewero lathu, lolankhula zinenero zathu, ndipo laonetsa kuti nkhani ya pafamu ya ku Zambia ingakope anthu monga mmene amacitira mafilimu a ku Nigeria. Cimene ndikupempha n'cakuti muonere muli ndi buku pafupi. Werengani Genesis 30 musanaonere gawo lotsatira. Funsani aphunzitsi anu ngati m'kabati ya sukulu muli Achebe kapena Mariama Bâ. Ndipo inu amene mumalemba, tengani mkazi mmodzi wa pamitala, mum'tsekere m'cipinda yekha, mutiuze m'Cinyanja zimene amaganiza mwamuna akagona kunyumba ina. Nkhani imeneyo TV sinatipatsebe.